Sitata ikuzungulira koma galimoto ikukana kulira: londolani mafuta, musalote

Galimoto yakale ikakana kulira, ambiri timathamangira kuloza chala pampu yamafuta. Pampu yatsopano imamangidwa, galimoto imalira masiku angapo, kenako vuto lomwe lija n'kubweranso. Ndinaonapo munthu atasintha pampu kawiri m'miyezi yochepa, pomwe wolakwa anali kapayipi ka labala kong'aluka, kakafupi ngati chala. Ndiye pano sindiyamba ndi kukuuzani choti mugule. Mafuta ali ndi njira yake: amachoka m'thanki kudzera pa kasefa ka pansi, amalowa m'mapayipi, amadutsa pa fyuluta ndi pampu, n'kukafika ku kabureta (chosakaniza petulo ndi mpweya) kapena ku mainjekita (timavalavu topopera mafuta mu injini). Ntchito yanu ndi kupeza pamene akuthera.

Kodi ndi mafutadi?

Potokolani kiyi ndipo mumvetsere. Ngati kuli zii, kapena mukungomva kakuti "tha, tha, tha" injini osazungulira, siyani za mafuta. Pitani ku batire, ku mitu yake ndi ku sitata. Zimene tikukambirana pano ndi za injini imene ikuzungulira ndi liwiro lake la masiku onse koma siikugwira.

Injini ya petulo yotere ikhoza kukhala kuti ikusowa mafuta, kapena moto wa mapulagi, kapena kompuresheni (kupanikizika kwa mpweya m'masilinda). Pali njira yachidule yosiyanitsira. Chotsani chivindikiro cha fyuluta ya mpweya, thirani petulo wosapitirira supuni imodzi kukhosi kwa kabureta, kapena poperani pang'ono mankhwala otsukira kabureta m'njira ya mpweya ngati galimoto ili ya mainjekita. Bwezerani chivindikirocho, ikani botolo kutali, kenako lizani. Ikagwira masekondi awiri kapena atatu n'kuzima, yakuuzani zonse: moto ulipo, kompuresheni ilipo, chikusowa ndi mafuta. Ikapanda ngakhale kutsokomola, kayang'aneni kaye koyilo, mawaya a mapulagi, distributor ndi lamba wa timing.

Musathire petulo wina akuliza, ndipo musaweramire nkhope pa kabureta yosavindikira. Injini ikabweza moto, lawi limatulukira kukhosi komweko. Fodya akhale kutali, chozimitsira moto chikhale pafupi. Ndipo izi ndi za petulo basi. Pa dizilo musachite, tifikako.

Umboni wina uli pa pulagi. Mukayesa kuliza kangapo, masulani imodzi. Ngati ili youma, yosanunkha petulo, mafuta sakufika. Ngati ili yonyowa, mafuta akufika mopitirira kapena sakupsa, lomwe ndi vuto lina. Musapitirire masekondi 10 kapena 15 mukuzungulitsa sitata. Ipumitseni, chifukwa imatentha msanga.

Geji imanama

Zimachititsa manyazi, koma yambani ndi funso la mwana: kodi m'thanki muli mafuta? Geji imadalira kachoyandama ka m'thanki, ndipo m'galimoto ya zaka zambiri kameneka kamakakamira kapena kudyeka, singano n'kumaloza pa kota pomwe pansi pauma. Galimoto ikaimikidwa potsetsereka mafuta ali ochepa, onse amathawira mbali imodzi, payipi n'kumakoka mpweya. Thiranimo malita asanu musanagwire sipanala.

Mukatsegula chitsekero cha thanki, nunkhizani. Petulo amene wagona miyezi yambiri amasintha: zopepuka zake zimene zimagwira moto msanga zimauluka, mtundu umada, ndipo amanunkha ngati vanishi wopaka matabwa. Petulo wotereyu amasiya utomoni m'timabowo ta kabureta ndi m'mainjekita. Wosakanizidwa ndi ethanol ali ndi chinanso: amayamwa chinyezi, ndipo madziwo akachuluka amadzilekanitsa n'kukakhala pansi, pomwe pampu imakokera. Kokani pang'ono m'botolo loonekera mkati, mulisiye likhazikike mphindi zingapo. Mzere wa madzi pansi, kapena tinthu tofiira ta dzimbiri, zimaoneka ndi maso. Botololo lisungeni m'maganizo, tibwereranso kwa ilo.

Galimoto ya kabureta

Chotsani fyuluta ya mpweya, injini ili yozima. Tsegulani kachitseko ka choko (kochepetsa mpweya pakhosi pa kabureta) ndi chala, suzumirani kukhosi ndi tochi, kenako kokani ndi dzanja kamkono kamene waya wa akisileta amakoka. Muyenera kuona kamzere ka petulo kakupsitira mkati, kapena kumva kakuti "psii". Ngati kakupsitira, m'kambale ka kabureta muli mafuta. Ngati kulibe, kambaleko n'kouma, kapena kapampu kopsitirako kafa. Makabureta ambiri a galimoto zakale za ku Japan ali ndi kagalasi m'mbali, ndipo mafuta amayenera kuoneka chapakati pake. Kameneka kamapulumutsa nthawi, kangopukuteni.

Pakhomo la kambaleko pali kasingano kamene choyandama chimatsegula ndi kutseka. Galimoto ikakhalitsa osayenda, utomoni uja umamata kasinganoko. Gogodani pang'ono pomwe payipi ya mafuta imalowera ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, osati ndi nyundo. Nthawi zambiri kamamasuka. Koma dziwani kuti mwangogula nthawi, kabureta ikufunika kutsukidwa.

Kasingano komweko kakakakamira kali kotsegula, zinthu zimatembenuka: petulo amasefukira, mapulagi amanyowa, fungo lili tho. Apa musamapondeponde akisileta, chifukwa kuponda kulikonse kukuwonjezera mafuta. Pondani mpaka pansi, gwirani pomwepo, lizani kuti mpweya wambiri uumitse mkati. Zikakanika, masulani mapulagi muwaumitse.

Tinthu tiwiri timaiwalika. Choyamba ndi choko: injini ikazizira, kachitseko kake kamayenera kukhala kotseka, apo ayi galimoto imavuta m'mawa ngakhale mafuta alipo. Chachiwiri ndi solenoid (valavu ya magetsi) yaing'ono ya waya umodzi kapena awiri imene ili m'mbali mwa makabureta ambiri, yotseka mafuta a idle (amene injini imalirira musanaponde akisileta) mukazimitsa. Wina apotokole kiyi kufika pomwe magetsi a pa dashibodi amayaka, inu chala chili pa solenoid. Iyenera kulira kuti "tha". Ikapanda kutero, galimoto imagwira mukaponda moto koma imazima mukangochotsa phazi.

Tinene kuti kambale n'kouma. Bwererani m'mbuyo sitepe imodzi. Zulani kawaya kopereka magetsi ku koyilo kuti pasathetheke moto, masulani payipi yolowa mu kabureta, ilowetseni m'botolo, mnzanu azungulitse injini. Pampu yabwino imalavula mafuta mwamphamvu, mopumira, "pwa, pwa, pwa". Kuchucha kofooka kapena thovu si zabwino. Pampu yamtundu uwu imakankhidwa ndi camshaft, ndipo mkati mwake muli kachikopa ka labala ndi timavalavu tiwiri tolola mafuta kupita mbali imodzi. Mphamvu yake ndi yochepa, kawirikawiri pakati pa 3 ndi 7 psi (muyeso wa mphamvu yokankhira mafuta), malinga ndi mtundu wa galimoto.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Akaona kuti m'botolo simukugwa kanthu, amati pampu yafa. Pampu siingalavule chimene siinalandire. Iyeseni payokha: zulani payipi yochokera ku thanki, mangani kapayipi kena kakafupi pakhomo la pampu, kamizeni m'botolo la petulo woyera, zungulitsaninso. Ikayamba kulavula bwino, pampu ilibe mlandu, vuto lili pakati pa pampu ndi thanki. Ikakanabe, ndiye mungaiweruze. Kuyesa kumeneku kumadula njira yonse pakati, ndipo kwa ine ndi kofunika kuposa kwina kulikonse m'nkhani ino.

Pampu ikakhala yolakwadi, sololani ndodo yoyezera oyilo. Kachikopa kaja kakabooka, petulo amatha kutsikira mu injini. Oyilo amaoneka ngati wachuluka, amasungunuka, ndipo amanunkha petulo. Mukapeza zotere sinthani oyilo ndi fyuluta yake musanayendetse galimoto, chifukwa oyilo wosungunuka sateteza mabeyaringi.

Pakati pa pampu ndi thanki

Fyuluta ndiyo yosavuta. Ngati ili yoonekera mkati, muona matope. Ngati simukumbukira chaka chimene inasinthidwa, isintheni, ndipo muonetsetse kuti kamuvi kojambulidwa pamwamba kakuloza kumene mafuta akupita. Yakaleyo musangoitaya: ikhuthulireni pa pepala loyera kuchokera mbali yolowera, muone chimene inagwira.

Mapayipi a labala ndiwo amazunguza mutu. Mbali iyi pampu imakoka, siikankha, choncho payipi yong'aluka nthawi zambiri siidontha, imangolowetsa mpweya. Pansi pa galimoto pouma bwinobwino, koma pampu ikuyamwa mphepo, monga zimakhalira mukamamwa ndi kapayipi kobooka. Kapayipi ndinakatchula koyambirira kaja kanali pamwamba pa thanki, pomwe dzanja silifika bwino. Ukakayang'ana kanali bwino, koma nditakapinda, ming'alu inayasama ngati chidendene chong'aluka. Pindani payipi iliyonse, makamaka pafupi ndi zomangira. Labala wakale amathanso kufewa mkati n'kumaphwanyika pampu ikamakoka, ndipo ethanol amafulumizitsa kuwonongeka kwa mapayipi akale amene sanapangidwire petulo wotere. Polowa pansi pa galimoto musadalire jeke yokha, ikani zochirikiza zolimba.

Payipi yachitsulo imatha kuphwanyidwa ndi mwala kapena kutsekeka ndi dzimbiri. Tsegulani chitsekero cha thanki, kenako pemererani mpweya wochepa kuchokera kutsogolo kulowera ku thanki ndi pampu ya matayala. Mnzanu amve kubwata m'thankimo. Galimoto ikalira mukatero, musasangalale msanga. Mwangokankhira zinyalala m'mbuyo, zibweranso.

Pali vuto lina lodziwika ndi khalidwe lake: galimoto imalira, imayenda mphindi zingapo, imazima, ndipo ikapuma imaliranso. Ikangozima, tsegulani chitsekero cha thanki. Mukamva mpweya ukulowa mwamphamvu ndipo galimoto n'kulira pomwepo, thanki siikupuma. Kabowo kopumira pa chitsekero kapena kapayipi kake katsekeka, ndiye pampu imalimbana ndi thanki imene ikudziyamwa. Ndipo ngati imangokana ikatentha, mukaima pang'ono mutayenda ulendo, koma ikazizira imalira bwino, mwina petulo akuwira m'payipi n'kusanduka nthunzi imene pampu siingakankhe. Onani ngati payipi yasendera pafupi ndi ekizozi, kapena ngati chotchinga kutentha chinachotsedwa n'kuiwalika.

Galimoto ya mainjekita

Pano pampu ndi yamagetsi, ndipo nthawi zambiri imakhala m'thanki momwemo. Zimitsani wailesi, ikani khutu pakamwa pa thanki, wina apotokole kiyi osaliza. M'galimoto zambiri mumva kung'ung'udza pafupifupi masekondi awiri. Koma samalani: Toyota zambiri zakale siziliza pampu pa sitepe imeneyi, zimayembekeza injini iyambe kuzungulira. Zambiri mwa izo zili ndi kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS pafupi ndi injini, ndipo mukalumikiza timabowo tolembedwa +B ndi FP ndi kawaya, kiyi ali potsegula, pampu imalira. Werengani bwino zolembedwa pansi pa chivindikiro chake musanalumikize kalikonse.

Pampu ikakhala chete, yambani ndi zosavuta. Fyuzi. Kenako relay (kabokosi kotsegula ndi kutseka magetsi opita ku pampu), imene mungaisinthanitse ndi ina yofanana nayo manambala m'bokosi lomwelo, monga ya hutala. Galimoto zambiri za Ford, ndi zina, zili ndi switch yodula pampu galimoto ikagundidwa, ndipo dzenje lalikulu likhoza kuigwetsa. Ili ndi batani longodina. Zonsezi zikakhala bwino, yezani magetsi pa pulagi ya mawaya a pampu pamene mnzanu akuliza. Payenera kufika mphamvu yoyandikana ndi ya batire. Ikachepa kwambiri, funani waya wodyeka kapena wa earth amene wachita dzimbiri, chifukwa pampu yatsopano pa waya wowola imafooka chimodzimodzi.

Ngati magetsi akufika koma pampu ili chete, menyani pansi pa thanki ndi chikhatho kapena nyundo ya labala wina akuliza. Ikadzuka, maburashi a mota yake atha. Ikufikitsani kunyumba, koma musaidalirenso.

Kung'ung'udza kokha sikutanthauza kuti zonse zili bwino. Mainjekita amafuna mphamvu yaikulu, kawirikawiri pakati pa 35 ndi 60 psi, ndipo pampu yotopa imatha kulira koma osafikitsa. Apa geji yoyezera mphamvu ya mafuta siilowedwa m'malo ndi diso, ndipo nambala yeniyeni muipeze m'buku la galimoto yanu. Galimoto zina zili ndi kavalavu konga ka tayala pa payipi yodyetsa mainjekita, pomangira gejiyo. Kumbukirani kuti m'payipimu mafuta amakhala opanikizika ngakhale injini itazima, choncho kulungani kansalu pomwe mukumasula ndipo tetezani maso. Ngati mphamvu ikufika koma ikugwa msanga mukazimitsa, mafuta akubwerera kudzera pa valavu ya pampu, pa regulator (kachipangizo kosunga mphamvu ya mafuta pa muyeso wake) kapena pa injekita yodontha, ndipo n'chifukwa chake galimoto imazungulira nthawi yaitali isanagwire. Zulani kapayipi kakang'ono ka mpweya pa regulator. Mukapezamo petulo, kachikopa kake kabooka.

Mphamvu ili bwino koma mapulagi ndi ouma? Ndiye mainjekita sakutseguka. Gunditsani nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa injekita, chigwiriro kukhutu, wina akuliza. Yamoyo imagogoda. Onse akakhala chete nthawi imodzi, sanafe onse tsiku limodzi ayi. Kompyuta siikuwalamula, mwina chifukwa siikulandira uthenga woti injini ikuzungulira kuchokera ku sensa ya crankshaft kapena ku distributor, kapena fyuzi yawo yapsa, kapena alamu yoletsa akuba imene wina anamanga kalekale yadula waya. Apa vuto limaoneka ngati la mafuta pomwe ndi la magetsi.

Dizilo

Injini ya dizilo ilibe mapulagi a moto, ndipo mdani wake wamkulu ndi mpweya m'mapayipi. Yang'anani ku ekizozi wina akuliza. Utsi woyera wonunkha dizilo ukutanthauza kuti mafuta akufika koma sakupsa, ndiye ganizirani za ma glow plug (mapulagi otenthetsa injini isanalire) kapena kompuresheni. Popanda utsi uliwonse, mafuta sakufika. Musapopere mankhwala olizira injini: akakumana ndi glow plug yotentha amaphulika nthawi isanakwane ndipo akhoza kuswa pisitoni.

Pa pampu yaikulu yodyetsa mainjekita ya injini zakale pali solenoid yotsegula mafuta. Iyenera kulira "tha" mukatsegula kiyi. Ikakhala chete, onani waya wake ndi fyuzi. Kenako khetsani madzi pa kampopi ka pansi pa fyuluta. Pamutu pa fyuluta nthawi zambiri pali kapampu ka dzanja: masulani kabawuti kotulutsira mpweya ngati kalipo, popani mpaka dizilo atuluke wopanda thovu, mangani. Kapampuko kakakana kulimba ngakhale mupope chotani, mpweya ukulowa penapake, mwina pa labala wa fyuluta, pa mapayipi, kapena pa kapampu komweko. Lowetsani kapayipi koonekera mkati pakati pa fyuluta ndi pampu yaikulu, thovu mudzaliona likuyenda. Galimoto imene imavuta m'mawa uliwonse koma imalira mukapopa ndi dzanja ili ndi nthenda imeneyi: usiku mpweya umalowa, dizilo n'kubwerera ku thanki.

Pa injini zakale za pampu wamba, mungamasule pang'ono manati a mapayipi pa mainjekita, kuzungulitsa mpaka dizilo atayamba kutuluka, n'kumanganso. Manja akhale kutali, chifukwa dizilo wopanikizika amaboola khungu, ndipo bala lotere ndi lothamangira nalo kuchipatala ngakhale likuoneka laling'ono. Pa injini za common rail, zomwe mainjekita ake amalamulidwa ndi kompyuta, musamasule mapayipi amenewa n'komwe, mphamvu yake imapitirira 1000 bar.

Chimene chimabweza vutoli

Tibwerere ku botolo lija ndi ku pepala limene munakhuthulirapo fyuluta. Ngati munaonamo tinthu tofiira kapena matope akuda, gwero lili m'thanki. Thanki yachitsulo ikamakhala nthawi yaitali ili ndi mafuta ochepa, chinyezi chimachita mame m'makoma ake, dzimbiri n'kuyamba. Galimoto ikamayenda, zinyalalazo zimavunduka n'kukaunjikana pa kasefa ka pansi mpaka mafuta atsekeke. Ikaima, zimagwanso, ndipo imalira ngati palibe chinachitika. N'chifukwa chake vutoli limabwera ndi kupita, ndipo n'chifukwa chake fyuluta yatsopano imatsekeka m'sabata zochepa. Pampu yamagetsi imavutika koposa, popeza imaziziritsidwa ndi mafuta omwe ikupopawo. Kasefa kakatsekeka, kapena mukazolowera kuyenda thanki ili pafupi kuuma, imatentha n'kufa msanga.

Mankhwala ake ndi otopetsa koma ndi amodzi: kukhuthula mafuta, kutsitsa thanki, kuitsuka ndi kuiumitsa. Ngati dzimbiri lalowerera, ina ifunika. Musayese kuiwotcherera, chifukwa thanki yopanda mafuta imakhalabe ndi nthunzi yokwanira kuphulika. Thanki ili pansi chomwecho, sinthani kasefa, sinthani mapayipi onse a labala ndi ena opangidwira mafuta, ndipo pa galimoto ya mainjekita akhale opirira mphamvu yaikulu. Pemererani mapayipi achitsulo mbali zonse ziwiri zili zomasula, ndipo palani pomwe waya wa earth amamangidwa mpaka chitsulo chiwale.

Mukamanga zonse, ikani fyuluta yatsopano, ndipo pakatha masabata awiri muichotse, muikhuthulirenso pa pepala loyera. Pepala likakhala loyera, ibwezereni.